Miyala Iwiri ya a Paston

Mpingo wa Nyali Zoyaka unayamba m'chaka cha 1995, nthawi imene mwamuna aliyense wokhala ndi jekete mu Blantyre ankayambitsa chipani kapena mpingo. Abusa Kalimu anasankha mpingo, poti chipani chimafuna galimoto. Anamanga tchalitchi cha malata ku Chinyonga, kuseri kwa chigayo, nalemba malamulo m'buku lachikuto chakuda. Lamulo lachisanu ndi chinayi linali loletsa masewera.

Linkaletsa mpira, bawo, makhadi, ntchembere mbaye, chipako, ndiponso kuonerera ena akuchita zimenezi. Abusa ankafotokoza kuti lipenga lomaliza likadzalira, munthu wopezeka akulima adzaponya khasu pansi nthawi yomweyo, koma wopezeka pa bawo adzati, "Dikirani ndimalize." Ana aang'ono ankaloledwa kuthamanga, bola akhale akupita kwinakwake.

Wophwanya lamulo ankakhala miyezi itatu pa benchi ya kumbuyo, pafupi ndi matsache. Ndipo nyumba imene muli munthu wa pa benchi, abusa sankadalitsamo ukwati.

Mayi Salome anali mumpingomo kuyambira tsiku limene anakhoma lata loyamba. Anali ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi, kwawo kunali ku Nsanje, ndipo anali asanakhalepo pa benchi ija, kupatula pokolopa pansi pake. Mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, Ulemu, anali woti akwatiwe ndi Godfrey Loweruka la sabata yotsatira. Banja la Godfrey linali la mpingo wina ndipo linavomera zokamangitsa ukwati ku Chinyonga patatha zaka ziwiri za kukambirana. Ankhoswe ake ananena poyera kuti tsikulo likangosunthanso, iwo kudzabwera ayi.

Lachiwiri masana mayi Salome ankachokera ku Limbe atanyamula nsalu za operekeza mkwatibwi. Atatsika minibasi anadzera kanjira ka kuseri kwa chigayo, kumene atsikana ankasewera fulaye. Awiri anaima uku ndi uku kumagenda ndi mpira wa majumbo, wachitatu ali pakati kumazinda mpirawo uku akuthira mchenga m'botolo. Wapakatiyo anagendedwa natuluka, ndipo mpira wotsatira, womwe sunali wa munthu aliyense, unalunjika pa chifuwa cha mayi Salome.

Iwo anapendama pang'ono, mpira n'kudutsa.

"Eee! Amayi amazitha!" anakuwa mtsikana wa kumbali inayo. Anatola mpira nagendanso, ulendo uno mwadala, chapansipansi. Mayi Salome anadumpha.

Kenako anaika chikwama cha nsalu pa mwala, namanga chitenje.

Madzulo a tsikulo, amuna awo a Laban pobwera ku fakitale ya sopo ku Makata anapeza kalata yochokera kwa mlembi wa mpingo itafika kale. Inali yoitana mayi Salome kubwalo la akulu ampingo Lamulungu mapemphero akatha. Mboni inali mayi Idah, a nyumba yoyang'anana ndi chigayo.

A Laban anaiwerenga kawiri ali chiimire, nsapato za kuntchito zili kuphazi.

"Mukanene kuti mumathawa mpira," anatero.

"Ndimathawadi mpira."

"Basi, zatha."

"Komanso ndimadzaza botolo."

"Botolo musalitchule."

"Mayi Idah alitchula kale. Taonani mzere wachitatuwo, bambo a Ulemu."

Ulemu anali atakhala pa mkeka akupinda timapepala toitanira anthu. Anatiika pansi.

"Amayi, zaka zonsezi mwakhala osasewera. Sabata imodzi ndi theka yokha ikanakukanikani?"

"Unandiyamba ndi mpira."

"Mpira umayamba aliyense wodutsa pamenepaja! Anthu amangoti 'ana inu, ulemu' n'kumapita. Azakhali akwera basi Lachinayi kuchokera ku Bangula. Mpunga tagula. Ndikamuuza chiyani Godfrey? Kuti apongozi ake agwidwa pa fulaye?"

Mayi Salome anali akusisita bondo lakumanja. Ulemu analowa kuchipinda natseka chitseko mwamphamvu moti kalendala inagwa pakhoma.

A Laban anakhala pansi n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato. Anamasula ina, ina n'kuisiya.

"Mabotolo angati?"

"Anayi."

"Osakugendani?"

"Ngakhale kukhudza chitenje."

A Laban anayang'ana akazi awo kwa kanthawi, ngati munthu amene wapeza chipinda china m'nyumba imene wakhalamo zaka makumi atatu. Kenako anati, "N'zoipa kwambiri zimenezi," namasula nsapato inayo.

Lamulungu kunatentha kuyambira m'mawa, kutentha kwa Okutobala kumene malata amalira okha. Mapemphero atatha palibe anatuluka. Ngakhale azimayi amene anasiya nyemba pamoto anakhala. Akulu ampingo anayi anakhala pa tebulo kutsogolo, abusa Kalimu pakati pawo, mlembi mayi Constance kumapeto ndi buku lachikuto chakuda.

Mayi Idah anaima nafotokoza zonse mwadongosolo. Anati anaona mlongo Salome akuika chikwama pa mwala. Anawaona akudzaza botolo loyamba n'kulikhuthula. Pa lachiwiri anawakha mpira ndi dzanja limodzi n'kuuponya kuseri kwa chimbudzi cha pachigayo, ndipo pamene atsikana ankauthamangira iwo anadzaza lachitatu mosapupuluma. Pa lachinayi anagona chafufumimba, mpira n'kudutsa pamwamba pa duku.

"Munaona zonsezi?" anafunsa mmodzi wa akuluwo.

"Zonse, abambo."

"Kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Mwina theka la ola."

"Muli pati?"

"Pa windo. Kenako ndinatulutsa mpando chifukwa windo lathu lili ndi nsalu yokhuthala."

"Lamulo limaletsanso kuonerera, mayi."

"Sindimaonerera," anatero mayi Idah. "Ndimasonkhanitsa umboni."

Akuluwo anagwirizana kuti kusiyana kulipo, ndipo mayi Constance analemba.

A Laban anapempha kuyankhula m'malo mwa banja. Anati akazi awo anaukiridwa panjira ndipo anadziteteza. Atafunsidwa za mchenga, anati mchenga unali pomwepo kale. Atafunsidwa chifukwa chake munthu wodziteteza angadzaze botolo kanayi, anati funso limenelo nawonso akhala nalo kuyambira Lachiwiri.

Abusa anatembenukira kwa mwini nkhani.

"Mlongo Salome, munasewera kapena simunasewere?"

"Ndinasewera, abusa."

"Munasangalala?"

Pa benchi ya azimayi Ulemu anaweramitsa mutu naphimba nkhope ndi manja.

"Bondo likundiwawa mpaka lero," anatero mayi Salome.

"Sindinafunse za bondo."

"Ndinasangalala, abusa."

Akulu anayi aja anaweramirana n'kunong'onezana. Awiri anati lamulo ndi lamulo. Awiri anati mpira woyamba unali ngozi, ndipo zotsatira za ngozi zimakhala mbali ya ngoziyo. Anakweza manja, zinali ziwiri kwa ziwiri. Abusa sankavota, chifukwa m'busa sasankha pakati pa nkhosa zake.

M'tchalitchi monse munamveka anthu akukhala bwino pa mabenchi.

Mwambo wa mpingo unali woti akulu akalephera kugwirizana, mlandu umapita ku maere kuti Mulungu aweruze yekha. Wosunga maere anali a Paston, mdikoni wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi zitatu amene anapuma ntchito ya njanji ku Limbe. Anali ndi miyala iwiri ya mumtsinje wa Shire, woyera ndi wakuda, imene ankaisunga m'kachitini ka polishi. Ankabisa manja kumbuyo, n'kuwatulutsa atafumbata, atawatambasula molingana ndi mapewa, ndipo woimbidwa mlandu ankaloza dzanja limodzi. Woyera unali kumasuka, wakuda unali benchi. Poyamba ankaloza kamodzi. Koma chaka china munthu wina amene aliyense ankadziwa kuti ali ndi mkazi wachiwiri ku Ndirande analoza woyera, ndipo kuchokera pamenepo anakonza zoti azilozetsa katatu, kuti Mulungu akhale ndi mpata woganizanso. Wopeza woyera kawiri ndiye womasuka.

Palibe munthu mumpingomo amene akananena kuti amakonda maere. Zinangochitika kuti pa tsiku la maere tchalitchi chinkadzaza mpaka m'mawindo, ndipo m'zaka zaposachedwa akulu ampingo ankalephera kugwirizana kawirikawiri.

A Paston nawo sankanena kuti amapambana. Ankangoti pa milandu makumi atatu ndi umodzi, Mulungu wakhululukira anthu asanu ndi mmodzi okha. Anali ndi njira zawo zothandizira Mulungu. Nthawi zina ankafinya dzanja limodzi kwambiri mpaka mitsempha kuoneka. Nthawi zina ankayang'anitsitsa dzanja lamanzere, kapena kukhosomola munthu akayamba kukweza chala. Anyamata akwaya ankanena kuti mkuluyu amayeserera pa galasi kunyumba, koma zimenezi palibe anazitsimikiza.

Anavula jekete, napinda malaya mpaka m'zigongono. Anatsegula kachitini, naonetsa miyalayo kumanzere ndi kumanja. Anthu akumbuyo anaimirira.

"Khalani pansi," anatero abusa. "Pano si pa sitediyamu."

Anthuwo anakhala pansi, kenako anaimiriranso pang'onopang'ono.

A Paston anatulutsa manja. Anayang'ana lamanja, kenako denga. Mayi Salome analoza lamanzere. Dzanjalo linatseguka pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi, monga ankachitira nthawi zonse.

Wakuda.

"Aaa," unatero mpingo wonse, kenako unakumbukira n'kuwonjezera kuti, "Ameni."

A Laban anapukuta thukuta ndi chipewa. Ulemu anaimirira kuti atuluke, koma pakhomo panali podzaza anthu, ndiye anakhalanso pansi.

Ulendo wachiwiri a Paston anakhalitsa kumbuyo, mapewa akugwedezeka ngati akusinthasintha miyala. Anatulutsa manja, nafinya lamanzere. Mayi Salome anakweza chala molunjika lamanja, a Paston n'kukhosomola, ndipo chalacho sichinasunthe.

"Limeneli?" anafunsa a Paston. "Ganizani bwino, mlongo. Mwana akukwatiwa."

"Limenelo."

Woyera.

Munthu wina kumbuyo anaomba m'manja kamodzi, n'kusandutsa kuombako kukhala kupha udzudzu.

"Mulungu wanena uku kamodzi, uku kamodzi," analengeza mayi Constance, akulemba.

A Paston anapukuta zikhatho pa buluku. Nkhope yawo inali itawala mwa mtundu wina, ngati ya munthu amene wakumana ndi mnzake wakale pa depoti. Anabisa manja kumbuyo kwa nthawi yaitali kuposa kale lonse. Kenako anawatulutsa, ofanana ndendende, osafinya, osayang'ana kulikonse. Anangoti maso pa mphumi pa mayi Salome.

Mayi Salome anayang'ana dzanja ili, anayang'ana ilo. Panalibe chowerenga. Anayang'ana kumbali kumene kunali Ulemu, yemwe anali atapinda duku lake m'manja mpaka kukhala chingwe.

"Abusa," anatero, "ndingapemphere kaye?"

Abusa Kalimu anali asanakanizepo munthu kupemphera, ndipo sakanayambira pamaso pa anthu mazana awiri.

"Pempherani, mlongo."

A Paston anayamba kutsitsa manja.

"Manja, a Paston," anatero mayi Constance osadzutsa mutu pa buku. "Akatuluka sabwerera mpaka wina aloze. Munapempha nokha lamulo limeneli."

A Paston anakwezanso manja.

Mayi Salome anagwada pa simenti, bondo lakumanja pomalizira, natseka maso. Anayamba ndi kuthokoza chifukwa cha tsikulo. Anapempherera Ulemu ndi Godfrey, ndi ana amene adzabereke, ndi sukulu zimene anawo adzaphunzire. Anapempherera makolo a Godfrey ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Kenako anatsikira ku Nsanje nayamba abale, khomo ndi khomo, kuchokera kwa azakhali a ku Bangula mpaka kwa amalume amene anawolokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo osabweranso, ndi akazi awo onse awiri.

"Ameni," anatero a Paston.

"Tikumbukirenso, Ambuye, odwala," anatero mayi Salome.

Anatchula odwala a m'zipatala ndi a m'makomo. Anapempherera boma. Anapempherera otsutsa boma, chipani ndi chipani, ndipo zipani zinali zambiri chaka chimenecho. Anapempherera madalaivala a minibasi za Limbe, makondakitala, ndi oitanira, kuti aphunzire kuyankhula ndi anthu akuluakulu. Anapempherera mvula, kuti ibwere koma isakokolole milatho.

Malata anali kulira. Thukuta linatsika pa mphumi pa a Paston n'kulowa m'diso, ndipo analibe dzanja lopukutira. Zigongono zawo zinayamba kupindika.

"Molingana ndi mapewa, a Paston," anatero mayi Constance.

Mumpingo munalibe ndi mmodzi yemwe amene anatseka maso. Mwana wina anafunsa mokweza kuti, "Agogowa agwa?" ndipo mayi ake anamutseka pakamwa osachotsa maso kutsogolo. A Laban anali atagwira m'mphepete mwa benchi ndi manja onse awiri, milomo ikuyenda. Wa pafupi nawo anaganiza kuti akupemphera, koma atamvetsera anapeza kuti akuwerenga mphindi.

Mayi Salome anapempherera mayi Idah, ndi maso awo, kuti apitirize kuona patali. Anapempherera atsikana a kuseri kwa chigayo, aliyense ndi dzina lake, ndipo mpingo unazindikira kuti mayinawo akuwadziwa onse. Anapempherera a Paston, kuti Mulungu awapatse mphamvu pa ukalamba wawo.

Manja a a Paston anali kunjenjemera kuyambira m'mapewa. Analuma mlomo. Dzanja lamanzere linatsika, analikweza, linatsikanso. Zala zinayamba kumasuka zokha, kuyambira chaching'ono.

Mwala unagwa pa simenti, n'kudumpha kawiri, n'kugubuduka mpaka pa phazi la mayi Idah.

"Wakuda!" anakuwa mayi Idah.

Mayi Salome sanatsegule maso. Anapempherera asodzi, aphunzitsi ndi akaidi. Kenako anati ameni, nadzuka pogwira tebulo, nasasa chitenje. Anayang'ana dzanja lamanzere la a Paston, lomwe linali lotseguka lopanda kanthu. Anayang'ana lamanja, lomwe linali chifumbatire. Anaganiza kwa kanthawi ndithu.

"Ili," anatero, akuloza lamanja.

A Paston sanalitsegule.

"Abera!" anakuwa. Mawu awo anatuluka opyapyala ngati a mwana. "Abusa, mayiwa abera! Aliyense waona! Sizikuwerengedwa zimenezi, tibwereze! Tibwereze pompano, ndipume kaye mphindi zisanu, muone ngati angandithe!"

M'tchalitchi munangoti zii. Kunja chigayo sichinali kulira poti linali Lamulungu, ndiye panalibe chobisa cheteyo.

Abusa Kalimu anavula magalasi, nawapukuta ndi tayi, nawavalanso.

"A Paston," anatero mofatsa, "ine ndimadziwa kuti munthu amabera pa masewera. Ndipo amene amati tibwereze ndi amene wagonja. Mundithandize pamenepa, chifukwa mwina ndakalamba. Kodi inu ndi mlongo Salome mumasewera?"

A Paston anatsegula pakamwa. Anayang'ana akulu anayi aja, amene onse anali akuyang'ana tebulo. Anayang'ana mpingo, umene theka lake linali litakwera pa mabenchi ndipo tsopano linali kutsika mwakachetechete. Anayang'ana benchi ya kumbuyo, pafupi ndi matsache, imene inali yokwana anthu asanu okha.

"Ayi, abusa," anatero.

"Nanga chachitika n'chiyani?"



"Mulungu watsegula dzanja langa."

"Ndi mmene ndaonera inenso. Tsegulani linalo."

Zala zinali zitauma, moti a Laban anachita kupita kukathandiza kuzitambasula. Mwala woyera unali utasiya chidindo pakati pa chikhatho.

Mayi Constance analemba kuti mlongo Salome alibe mlandu, ndipo abusa analengeza kuti ukwati wa Ulemu ndi Godfrey uli Loweruka nthawi ya 9 koloko, ndipo ochedwa adzapeza chitseko chotseka. Anaimba nyimbo yotsekera, vesi limodzi lokha, chifukwa azimayi ena anali atakumbukira nyemba.

Pobwerera kunyumba a Laban anatsogola, akuyenda mwachangu ngati munthu amene sakufuna kuti nkhope yake ioneke. Mayi Salome ankatsimphina pambuyo, atagwira phewa la Ulemu. Anayenda mpaka pa mpope wa madzi.

"Mphindi makumi awiri ndi zisanu ndi imodzi," anatero Ulemu. "Ababa awerenga."

"Abale athu ndi ambiri."

"Ndinatsala pang'ono kukomoka, amayi. Mukudziwa zimenezo? Nanga ukanagwa woyera?"

"Ndikanaloza dzanja limene wachokeramo."

Ulemu anaima pakati pa njira. Anaganiza, milomo ikuyenda pang'ono, akuyesa uku ndi uku.

"Nanga akanapanda kugwetsa?"

"Ndinali ndisanayambe akumpoto," anatero mayi Salome. "Tiye, mwana iwe, mawondo onse awiri akuwawa tsopano. Mawa ukatenge wekha madiresi kwa telala, ine sinditsika ku Limbe."